Mkamwini M'bafa la Apongozi

Mika ndi iwe Kondwani, ana inu, munandifunsa funso tsiku lija mvula inatitsekera pakhonde kwanu ku Chainda. Ine ndinangoti mvula iyi ikugwa zaazaa, inu n'kufa nazo kuseka, amvekere, "Agogo, Chijapani munachitola kuti?" Ndinakuyankhani kuti m'mabuku. Linali bodza la nkhalamba. Amayi anu anali pomwepo akusenda mbatata, ndipo nkhani yeniyeniyo siituluka pakamwa mwana wako wamkazi ali pafupi. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala silichita manyazi. Mukawerenga mudziwe kuti panatsala pang'ono kuti inu musabadwe, ndipo chimene chikadakutsekerani njira yobwerera padziko ndi kabafa kanga kaja ka kuseri kwa nyumba kuno ku Chawama.

Inu mumasamba m'nyumba, madzi akutsika kuchokera kumwamba ngati mwalamula mtambo, chitseko mutakhoma ndi kiyi. Kwathu ku Chadiza tinkasamba kumtsinje. Amuna anali ndi dooko lawo, akazi lawo, ndipo munthu woyenda m'njira akayandikira ankaima patali n'kufuula kuti, "Kumadziko!" Akamva kuti kuli anthu ankakhala pachulu kudikira, ngakhale akhale wothamangira kumaliro. Thupi la munthu wamkulu silinali chinthu choonedwa. Ine atate anga anamwalira ndisanawaonepo msana. Nanga apongozi? Apongozi ukawaona akubwera m'njira unkapatukira m'tchire, minga ikulase ikulase, n'kugwada komweko kuwomba m'manja nkhope utayang'ana kumbali. Sunkadya nawo mbale imodzi, sunkawapatsa dzanja. Sichinali chidani ayi. Unali ulemu, ndipo ulemu wa kwathu umaima patali.

Ku Lusaka ndinabwera ndili mnyamata, pa lole ya chimanga, nditakhala pamwamba pa matumba. Pa mlatho wa Luangwa ndinatsinzina n'kulapa machimo amene ndinali ndisanachite n'komwe. Sukulu ndinali nditangoinunkhiza. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, poyamba pa nyuzipepala zokulungira kapenta, kenaka pa mabuku aja ogulitsidwa pansi m'mbali mwa msewu m'tauni, opanda chikuto, ambiri opanda masamba akumapeto. Nkhani zochuluka zimene ndikudziwa ine, sindidziwa kuti zinatha bwanji. M'komboni mwathu muno mwa Chawama anayamba kunditcha ba Pulofesa, ine chitsiru n'kumavomera. Mwa mabukuwo munali limodzi lonena za dziko la Japani: sitima zothamanga, anthu owerama popatsana moni, nsomba yodya yaiwisi. Ndinaliwerenga mpaka kudziyesa kazembe wa dzikolo. Za kasambidwe kawo bukulo silinanene kanthu, kapena zinali m'masamba amene makoswe anadya.

Ntchito yanga inali yomanga. Nyumba zambiri za kuno mabuloko ake anadutsa paphewa panga. Phewa lamanzere linafa kalekale nditagwa pa sikafodi, ndipo ambuya anu, mkazi wanga, ankalidziwa limenelo. Madzi masiku amenewo tinkatunga m'zitsime zokumba tokha pabwalo, zosazama, moti nthawi ya mvula madzi a m'chitsime ndi a m'chimbudzi ankachezerana ngati abale. Inu mukatsegula pompi mumadandaula kuti madzi achedwa kutentha. Ife tinkathokoza akakhala opanda fungo.

Ndiye kunabwera ntchito yoika mapaipi m'komboni. Ine anandiika kukhala kapitawo wa okumba ngalande, chifukwa ndinkatha kuwerenga pulani. Mwa akatswiri amene anabwera munali mnyamata wa ku Japani dzina lake Noboru, atate anu amenewo, amene komboni inangowadula kuti ba Nobo. Anthu ankati Mchaina. Ine ndinkayenda khomo ndi khomo kuwongola kuti si Mchaina, ndi Mjapani, ngati pali amene anandituma.

Ntchito ya munthu ameneyu inali kumvetsera. Ankayenda ndi ndodo yaitali yachitsulo, nsonga n'kuiika pansi kapena papaipi, mbali inayo n'kuigunditsa kukhutu, maso atatsinzina. Akatero n'kuloza, "Kumba apa." Tikakumba tinkapezadi paipi ikutaya madzi. Azimayi ankabisa ana. Bana Chanda, mnansi wathu wa Chibemba wogulitsa vitumbuwa, amene khoma lake ndi lathu n'limodzi mpaka lero, anafalitsa zoti munthuyo amalankhula ndi akufa. Inenso, ndi mabuku anga onse, tsitsi linkandinyerenyetsa.

Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinalimba mtima n'kuwafunsa chimene amamva pansipo. Chizungu chawo chinali chopunduka, changa cha m'mabuku opanda mathero, Chinyanja chawo ngati cha mwana woyamba kuyenda. Anatenga botolo la madzi n'kulipendeka pang'ono. Madzi anadontha. "Potapota," anatero. Analipendekanso, madzi n'kuyenda kamzere kakang'ono. "Chorochoro." Anatola mwala waukulu n'kuuponya m'ngalande yodzaza madzi. "Dobon."

Ine ndinati, "Ayi, bwana. Chubwi."

Anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Kuyambira pamenepo nthawi yopuma inali ya madzi. Akawamenya ndi nsonga za zala, pochapocha. Akawamenya ndi chikhato mopepuka, pashapasha. Akawavundula ndi manja onse mwamphamvu, bashabasha. Munthu woyenda m'madzi osefukira atavala majombo, jabujabu. Ndowa yokhuthulidwa kamodzi, zabaa. Munthu wamkulu wodumphira padziwe, zabun. Ine ndinkabweza ndi zathu, phwaa, waa, do do do, iwo n'kumazibwereza milomo itatupa. Kunena zoona ndinazizwa. M'mabuku anga a Chizungu madzi ankagwa mwakachetechete ngati ali m'tchalitchi, moti ndinkayesa kuti kulankhula kwa chubwi ndi kwa ife akumudzi tokha, koyenera kubisa pamaso pa ophunzira. Tsono apa panali anthu opanga maminibasi onse a mu Lusaka, ali ndi liwu lakelake pa msinkhu uliwonse wa kuthovoka kwa madzi, ndipo ati ngakhale akuluakulu ovala tayi amawanena osayang'ana pansi.

Ndili kalikiliki ndi chubwi ndi dobon, sindinaone kuti atate anu ayamba kusowa mapepala pafupipafupi ku ofesi ya ntchitoyo, kumene amayi anu Zelipa ankagwira ukalaliki. Pulofesa anali womaliza kudziwa m'komboni yonse. Ndinangoona madzulo ena dalaivala wa kuntchito, amene anamubwereka kuti akhale nkhoswe, akugwada pakhomo ndi mbale yovundikira ya chikole. Ambuya anu poyamba anakana, ati mwana adzamutengera kutsidya la nyanja. Koma mlongo wawo, a Gelesomu a ku Lilanda, mwini mbumba, anamuona munthuyo n'kuvomera, ndipo mbale inalowa kuchipinda.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinasanduka apongozi. Ndinaleka kukhala nawo pa nthawi yopuma. Ndinaleka kuwapatsa dzanja. Ndikafuna kunena kanthu ndinkauza munthu wina kuti, "Uwauze a Noboru kuti paipi yafika," iwo ataima pomwepo. Ndinkadziona kuti ndikuwapatsa ulemu wonse wa ku Chadiza. Palibe amene anawamasulira. Amayi anu anadzandiuza pambuyo pake kuti ankawafunsa mobwerezabwereza kuti, "Ba tate nabalakwila chani?"

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho phewa lamanja nalo linayamba. Poyamba linkangoluma m'mawa. Kenaka dzanja linakana kukwera kupitirira pachifuwa. Sindinauze munthu. Kapitawo amene sangathe kunyamula piki kuti aonetse anyamata pokumba, mabwana amamuona msanga, ndipo nthawiyo ankachepetsa anthu. Komanso, ana inu, mmisiri amene anakweza malintala a pamwamba pa zitseko za theka la komboni anganene bwanji kwa mkazi wake kuti kapu ya madzi yamukanika? Ndinaphunzira kuloza ndi chibwano. Malaya ndinkavala ngati njoka ikubwerera m'chikopa chake. Ambuya anu ankandiwiritsira madzi pa mbaula n'kukandiikira kubafa monga mwa masiku onse, ine n'kukhala pabuloko, kuwerama, kumadziwaza pamimba ndi kumaso ndi nsonga za zala. Msana sunaone madzi nyengo yonseyo. Ukayabwa ndinkatsamira pa mphuthu ya chitseko n'kumadzikhula ngati ng'ombe pamtengo, nkhope nditaiika ngati ndikuganiza zakuya.

Loweruka lina masana atate anu anabwera ndi amayi anu kudzasiya thumba la malasha. Ine ndinali nditalowa kale m'bafa, sindinadziwe kuti kwabwera munthu. Monga mwa mwambo sanawalowetse m'nyumba. Anawapatsa kampando pansi pa mpapaya, pafupi ndi bafalo, ndipo ambuya anu ndi amayi anu anathamangira kumsika kukagula ndiwo za mlendo. Bafa lake mukulidziwa: makoma a mabuloko ofika m'khosi, lopanda denga. Nthawi imeneyo chitseko chake chinali saka.

Ndinali buno bwamuswe pabuloko langa, beseni pakati pa miyendo, sopo ali m'maso. Ndinamva saka likusuntha. Ndinati ndi ambuya anu aiwala kanthu. Kenaka madzi ofunda anatsika kuchokera pamutu kudutsa msana wonse mpaka pansi. Ana inu, munthu amene msana wake wakhala nyengo yathunthu osaona madzi, akaufikira amamva ngati wakhululukidwa machimo. Kunabwera kansalu kokhakhala, ndi dzanja lamphamvu, kuyambira m'khosi kutsika.

"Amake Zelipa," ndinatero, "mwadziwa bwanji?"

Dzanja linangopitiriza kukhula.

"Pansi pang'ono. Kumanja uko."

Dzanja linatsikira kumanja. Ndinatsegula diso limodzi, sopo akuluma, n'kuona pambali panga mapazi awiri oyera m'mapatapata, thalauza litapindidwa mpaka m'mawondo.

Ndinawerengapo za anthu osanduka mwala chifukwa cha chimene aona. Ndinkati ndi nthano. Chinthu chokha chimene chinayenda pathupi langa ndi dzanja, linapeza kapu yosambira, ndipo kapu ija inagwira ntchito imene siinapangidwire.

"Ba tate, osayopa," anatero mawu kumbuyo kwanga. "Ni ine."

Ngati kuti kudziwa kuti ndi iwo ndiko kukadanditonthoza. M'mutu mwanga ndinaona atate anga, amalume anga, ndi akufa onse a ku Chadiza atandandalika pamwamba pa khoma akundiyang'ana. Mkamwini. Munthu amene sindinkayenera kumupatsa ngakhale dzanja. Ndipo iwo ali phee, akukhula mosamala, mzere ndi mzere, ngati munthu wopaka pulasitala. Ndikuuzeni zoona poti ndalonjeza: liwu loti "Tulukani" ndinalipeza, koma ndinalipeza msana utatha.

Anatunga madzi otsala n'kuwakhuthula kamodzi. "Zabaa," anatero mokondwa, ngati munthu wopereka mphatso. Anawerama kundipatsa ulemu. Poweramuka, tonse awiri tinaona mutu wa bana Chanda pamwamba pa khoma. Anali atakwera pa kireti kuti ayanike zovala, mapegi ali kukamwa. Sanakuwe. Mapegi aja anangogwa limodzilimodzi kugwera mbali yathu, kenaka mutu unatsika.

Ambuya anu asanatuluke mumsika nkhani inali itawapeza kale, itabereka ndi ana. Ena ankati Mchaina watenga litsiro la mdala m'kansalu kuti akapangire mankhwala a chuma. Ena ankati ndi m'mene a satana amabatizira. Bana Chanda eni ake anawachingamira pa geti. "Bamake Zelipa, ine sinikamba va bantu, mwaniziba. Koma naona na menso yanga. Bamuna banu bali chabe so, uja abakwecha monga ni poto."

Atate anu anauzidwa kuti apite. Anapita akuwerama, osadziwa chimene chachitika. Ambuya anu anandipeza m'nyumba nditavala jekete ndi nsapato, ngati kuvala kwambiri kungabweze zimene zaoneka.

"Atate ake Zelipa, zimene akunena anthuzi n'zoona?"

"Pang'ono."

"Pang'ono pake pati? Analowa kapena sanalowe?"

"Analowa."

"Munali mutavala?"

"Munthu amasamba atavala?"

"Ndiye munamuthamangitsa."

Ndinayang'ana nsapato zanga. Iwo analowa kuchipinda, natuluka ndi mbale ya chikole ija n'kuiika patebulo. "Mwana wanga sakwatiwa ndi munthu amene waona apongozi ake. Awa ndi malaulo. Tizidzayang'anana bwanji pakhomo pano? Mbale iyi ibwerere kumene inachokera."

Amayi anu analira mpaka maso kutupa, chakudya osachikhudza. Ine ndikadatha kuthetsa mlandu tsiku lomwelo ndi mawu ochepa, chifukwa mumtima ndinkaganizira chimene chinawalowetsa m'bafamo. Koma mawu amenewo akadatenga ntchito yanga ndi ulemu wanga wa ummisiri. Ndinadziuza kuti ambuya anu aphwa mtima okha. Munthu amene anakhala nawo zaka zonsezo, n'kumaganiza zotero. Ndiye Pulofesa ameneyo.

Lamulungu la sabata yotsatira, titaweruka kutchalitchi, a Gelesomu anatsika minibasi atavala jekete lawo la milandu. Anagwirapo ukondakitala pa mabasi akale aja, ndipo pakamwa pawo panatsala pakuthwa. Dalaivala uja wa unkhoswe atamva mtundu wa mlandu anapeza maliro ku Kitwe. Atate anu anabwera okha. Anagwada panja pa chitseko, pasimenti, atakhalira zidendene monga achitira kwawo. Ambuya anu anakhala mkati atayang'ana kukhoma. Mbale inali patebulo pakati pathu. Bana Chanda tsiku limenelo anaona kuti m'mbali mwa khoma lawo mukufunika kusesa.

"Ine ndaweruzapo milandu ya mimba," anayamba a Gelesomu, "ya mbuzi, ya munthu wogulitsa nyumba ya mlongo wake. Wa mkamwini wosambitsa apongozi, uno ndi woyamba. Alamu, munamva kukoma?"

"Alamu, funsani wolakwayo."

Anauza amayi anu kuti amasulire, koma atate anu anapempha kuti alankhule okha. Anapemphanso beseni la madzi. A Gelesomu anandiyang'ana n'kuti, "Akayamba kuvula ine ndithawa," koma analola.

Atate anu anapinda manja a malaya. "Kudala, ku nchito, tikakomboka, nchito yasila, ba tate basamba pa pompi." Anamiza manja onse awiri n'kudzithira kumaso, kumutu, m'khosi, madzi kuthovokera pa nsapato za a Gelesomu. "Bashabasha. Bashabasha. Mwamuna wa mphamvu." Anadikira madzi akhale bata. Kenaka anaika zigongono m'nthiti, nakhudza madziwo ndi nsonga za zala zokha. "Siku ija, ine nili pa mupando. Namvela. Pocha." Anaima kaye. "Pocha." Anaimanso nthawi yaitali, mpaka ine ndinamva kupuma kwanga komwe kwa m'bafa muja. "Pocha. Manzi yafika apa chabe." Analoza pamimba. "Kumbuyo kulibe."

Anapukuta manja pa thalauza n'kupitiriza.

"Ba tate banga ku Japani, chimozimozi. Banadwala, manja yanafa. Pocha, pocha. Ine n'nabasambika musana masiku yonse, mpaka banamwalila. Kwathu mwana asambika musana wa batate. Ni ulemu ukulu." Anagunditsa chipumi pasimenti n'kukhala choncho.

Amayi anu anawonjezera ndi mawu apansipansi kuti kwawoko amuna amasambira limodzi m'dziwe la madzi otentha, bwana ndi wantchito, mkulu ndi mwana, ndipo amati anthu akasambira pamodzi m'pamene chinsinsi ndi mantha zimatha pakati pawo.

"Onse?" anafunsa a Gelesomu. "Ndi apongozi omwe?"

"Onse, malume."

"Osavala kanthu?"

"Kathaulo kakang'ono. Ena amakaika pamutu."

"Pamutu." A Gelesomu anapukusa mutu. "Dziko lopanga galimoto lija?" Anapempha madzi akumwa. Buku langa lonse lija, osanenako ngakhale mzere umodzi.

Atamwa anapukuta pakamwa, ndipo nthabwala zinawachoka. "Mwambo wa kwanu taumva, koma kuno ndi kuno. Chatsala n'chimodzi. Ngati alamu angawa ali bwinobwino, munthu uyu ndi wabodza kapena wamankhwala monga akunenera anthu, ndipo mbale ipita naye lero. Alamu, manja anu ali bwanji?"

Kuseri kwa khoma tsache linaleka kulira. Ndinadziwa kuti chilichonse chimene ndinene chikhala chitafika kwa mabwana dzuwa la mawa lisanatenthe. Ndinayang'ana mbale. Ndinayang'ana amayi anu, atapanira manja pakati pa mawondo, milomo itauma. Ndinayang'ana munthu uja, chipumi chikadali pasimenti, amene anawoloka nyanja n'kudzamva ndi khutu chimene ine ndinabisira nyumba yonse.

Chipewa changa cha kutchalitchi chinali pabondo, poti masiku amenewo ndinkangochinyamula m'manja ngati munthu wodzichepetsa kwambiri. Ndinachigwira ndi dzanja lamanja n'kuyamba kukweza. Linafika pachifuwa n'kuima. Ndinayesa lamanzere, ilo silinafike n'komwe. Ndinaweramitsa mutu kuti ukumane nacho, chipewa n'kugwa pansi.

"Ndi m'mene zilili," ndinatero.

Ambuya anu anatembenuka kuchoka kukhoma kuja. "Kuyambira liti?"

"Kuzizira kutangoyamba."

"Madzi ndimakuikirani ndine. Mbale ndimatsukira kuseri kwa khoma lomwelo, inu muli mkati." Mawu awo anali otsika, ndipo ine ndikadakonda akadakuwa. "Wa ku Japani amve, ine osamva?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, diso limene sindikufunirani kuti mudzalione m'mabanja mwanu. Kenaka anatembenukira kwa a Gelesomu, poti kwa mkamwini sakadalankhula mwachindunji.

"Alongo, muwauze ali panjawo kuti abweretse tambala woyera wotsukira maso awo. Muwauzenso kuti ine ndili moyo, phazi lawo lisadzapondenso pabafa. Msana uwo uli ndi mwini wake."

Ananyamula mbale ija n'kubwerera nayo kuchipinda. Amayi anu anagwa pamiyendo ya amalume awo. Atate anu anadzutsa mutu n'kufunsa ngati aphedwe kapena akhululukidwa, chifukwa pa zonsezo anangomva liwu loti tambala.

Tambalayo anabwera nayedi m'mawa mwake: wa m'sitolo, wosololedwa nthenga, wouma gwaa ndi ayezi, ali m'pulasitiki. Ati anasankha woyera kuposa onse. A Gelesomu atamva anati mlanduwu ukapitirira uwapha, alandireni choncho.

Ntchito yanga inathadi. Sabata isanathe anandiitana ku ofesi n'kundithokoza ndi mawu okoma kwambiri. Kuchipatala anandipinda, kundikoka, kundibaya, koma manja sanabwerere kumwamba. Ukwati unachitika mvula itayamba, anthu akuvina jabujabu m'matope a pabwalo la tchalitchi, ndipo bana Chanda ndi amene anatsogolera nyimbo, atavala chitenje chofanana ndi cha akuchikazi.

Ambuya anu anasunga mawu awo. Tsiku ndi tsiku ankalowa m'bafa ndi mwala wokhulira mapazi, ndipo masiku oyamba ankaugwiritsa pamsana ngati akubwezera. Ndikati "Pang'onopang'ono, amake Zelipa," ankati, "Itanani wa ku Japani." Atate anunso anasunga lamulo. Inu mwakula mukuwaona akafika kuno akuzungulira nyumba mbali ya kumsewu, njira yaitali, ndipo mwina munkayesa kuti amaopa galu. Ngakhale paipi ya kubafa itaphulika, imene anaiika okha ndi anyamata awo, anaima kutali pa geti n'kumaloza ndi ndodo yawo ija, wina akukumba. Zaka zonsezo ine ndi iwo sitinatchulepo za tsiku lija. Tinabwerera pa ulemu wa patali, kungoti nthawi ino anali atawamasulira.

Pa maliro a ambuya anu munalipo, sindikuuzani zimene munaona. Achibale atabalalika, matenti atachotsedwa, ndinatsala ndi mdzukulu wa mlongo wanga wondiphikira, mtsikana, amene angathe kundiikira madzi koma osapitirira apo. Ndinabwerera pabuloko langa. Munthu ukakalamba umaganiza kuti zodabwitsa zonse unaziona kale.

Loweruka masana, ndili mkati, ndinamva munthu akutsokomola panja, chapatali ndithu.

"Ndani?"

"Ni ine, ba tate."

"Mukufuna chiyani kuno? Lamulo mwaliiwala?"

"Sininaibale. Bamayo, bakazi banu, banakamba ati, ine nili moyo, osaponda pa bafa." Anatsokomolanso. "N'nasunga, ba tate. Manje namvela futi."

Ana inu, munthu uja pa tsiku la mlandu anangomva za tambala. Ndiye kuti anakafunsa amayi anu liwu ndi liwu, n'kulisunga zaka zonsezi, tsitsi lake mpaka kuchita imvi, akuzungulira nyumba yanga mbali ya kumsewu. Ndinakhala pabuloko paja madzi mpaka kuyamba kuzizira. Ndinaganiza za ku Chadiza. Ndinaganiza za ambuya anu, kuti akadati chiyani, ndipo ndinawamva bwinobwino akuti msana wauve sulowa m'tchalitchi.

"A Noboru."

"Ba tate."

"Bana Chanda ali panja?"

"Bayenda ku maliketi."

"Lowani msanga. Muyambire phewa lamanzere."